Ufa woletsa madzi ulipodi, koma sumanga nyumba wokha

Mamembala ndi abwenzi a kalabu yathu, Loweruka lapitali tinali ndi mlendo, bambo a konkuno kwa Mpama amene akhala akumanga nyumba ndi matanki a madzi kwa zaka zambiri. Ambiri munapempha pa gulu lathu la WhatsApp kuti tilembe zomwe ananena. Nazi, monga momwe anayankhulira. Mukamaliza, mukawerengereko makolo kunyumba.

  

Funso limene munanditumizira ndi ili: kodi ufa uja akugulitsa m'mahadiweya, woti ukathira mu simenti madzi salowanso, ndi weniweni kapena ndi nyambo chabe ya amalonda? Ndiyankhiretu, kuti amene ali ndi changu asachoke chimanjamanja. Ufawo ulipodi, ndipo umagwira ntchito. Koma pa mndandanda wa zinthu zoteteza nyumba ku madzi, iwo uli kumapeto kwenikweni. Munthu akauika poyamba n'kusiya zinazo, ndalama zake zalowa m'madzi. Ndiye ndikufuna mutuluke muno mukudziwa momwe madzi amalowera m'khoma, chomwe ufawu umachita, ndi malo omwe uyenera kuthiridwa.

Nkhaniyi si yachibwana kwa ife a ku Chiradzulu. Nonse munali ozindikira kale mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anafika. Mvula inagwa masiku angapo osakata. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Kwa Ntauchira, m'dera la T/A Likoswe, phiri linatsika ndi miyala n'kukokolola mudzi. Kumbuyoko tinali titaona kale namondwe wa Ana mu January 2022, Idai mu March 2019, ndi madzi osefukira a mu January 2015. Tsono apa tisiyanitse. Nyumba yomwe yagundidwa ndi chimwala chochokera kuphiri, palibe simenti kapena ufa womwe ungaipulumutse. Pamenepo nkhani ndi ya malo omwe unamangapo. Koma nyumba zambiri m'midzi mwathu muno sizinagundidwe ndi kanthu ayi. Khoma linangomwa madzi tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, kenaka n'kukhala pansi usiku anthu ali mtulo. Nyumba zoterezi ndiye zomwe tingachitepo kanthu.

Madzi amalowa m'khoma kudzera njira zitatu. Yoyamba ndi kuchokera pansi. Amene munawerengerapo pa koloboyi mukudziwa kuti palafini amakhala pansi m'botolo, koma chingwe chimamukoka mpaka pamwamba pomwe pali moto. Njerwa ndi matope omangira zimachita chimodzimodzi: zimakoka chinyontho cha m'nthaka n'kumakwera nacho, nthawi zina mpaka kufika mita imodzi. Mukaona penti akusupuka m'munsi mwa khoma, pakutuluka zoyera ngati mchere, kuseri kwa kabati kwachita chuku, dziwani kuti khomalo likumwa kuchokera pansi. Njira yachiwiri ndi ya m'mbali: mvula ya mphepo, chiperoni chathu chija chongonyowetsa khoma sabata yonse, komanso madzi ochoka pa malata amene amagwa pansi n'kudumphira m'tsinde mwa khoma. Yachitatu ndi kuchokera pamwamba, denga likamadontha madzi n'kumatsikira m'kati mwa khoma. Kupatula izi palinso madzi omwe timawasunga dala, m'thanki kapena m'bafa, amene amakankha khoma usana ndi usiku kufuna potulukira.

Mwina wina afunsa: nanga simenti si mwala? Madzi adutsa bwanji pamwala? Mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Simenti salimba chifukwa chouma ngati dothi. Amalimba chifukwa chogwirana ndi madzi. Madziwo amasanduka gawo la mwala womwe ukupangika. Thumba la makilogalamu 50 limafuna madzi pafupifupi malita 20 okha kuti lonse ligwire. Koma ife posakaniza timathira ochuluka kuposa pamenepo kuti matope afewe, asavute pa mpeni. Madzi otsalawo amadzauma, ndipo paliponse pomwe anali pamatsala kanjira kakang'ono kosaoneka ndi maso. Tinjira timeneti ndiye chingwe cha koloboyi chija. Mukachulutsa madzi, mwachulutsa tinjira. Mukachulutsa mchenga, simenti sakwana kutseka mipata ya pakati pa mchengawo. Pulasitala akauma msanga padzuwa, amachita timing'alu ngati tsitsi. Zonsezi ndi zitseko za madzi.

Tsopano tifike pa ufa uja. Dzina lake amati polima, ndipo kunena mosavuta ndi mtundu wa pulasitiki wofewa, mbale wake wa labala. Mukapita ku Vizara ku Nkhata Bay mukaona akucheka mitengo ya labala, n'kumatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Utomoni uja ukauma umasanduka kachikopa kotamuka komwe madzi sadutsa. M'zaka za m'ma 1920 ku Britain, anthu anayamba kuyesa kusakaniza utomoni wa labala ndi simenti. Pambuyo pake mafakitale anaphunzira kupanga utomoni wotere popanda mtengo. Kenaka m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Wacker ya ku Germany inapeza njira youumitsa kukhala ufa. Njira yake ndi yomwe amapangira mkaka wa ufa: amaupopera mu mpweya wotentha, madzi n'kuuluka, ufa n'kugwa pansi. Ndipo monga mkaka wa ufa umabwerera kukhala mkaka mukauthira madzi, ufa uwunso umabwerera kukhala utomoni mukamasakaniza matope.

Ndiye chimachitika n'chiyani m'khoma? Simenti akamamwa madzi ake, ena n'kumauma, timadontho ta utomoni tija timayandikana mpaka kugwirana, n'kupanga kachikopa kopyapyala m'kati mwa tinjira tija. Kachikopa kameneka kakangopangika, sikabwereranso kukhala mkaka. Kamachita zinthu zitatu. Kamatseka tinjira kuti madzi asamadutse mophweka. Kamamata, moti pulasitala amakakamira zolimba ngakhale pa konkire yakale kapena yosalala. Ndipo kamatamuka pang'ono, moti timing'alu tating'ono sititseguka msanga. N'chifukwa chake guluu wa matailosi amagwira tailosi pakhoma ndi matope opyapyala ngati chala chaching'ono. Amene munamatapo matailosi, ufa umenewu munaugwira kale osadziwa, chifukwa m'matumba abwino a guluu ameneyu amathiriratu ku fakitale.

Apa pali chofunika kuchenjera. Mawu akuti waterproof amalembedwa pa zinthu zosiyanasiyana, ndipo si zonse zili polima. Mukalowa m'mahadiweya a ku Limbe mukakumana ndi mitundu ingapo. Pali matumba osakaniziratu, momwe muli simenti, mchenga wosalala ndi polima, inu n'kungothira madzi. Pali polima wamadzi wa m'zigubu, woyera ngati mkaka, wolembedwa SBR kapena acrylic. Pali mankhwala ena, a ufa kapena amadzi, omwe ntchito yawo ndi kutseka tinjira kapena kupangitsa kuti madzi azingotsetsereka ngati pa tsamba la koko, koma samata ndipo satamuka. Mtundu wotseka tinjirawu ndi wakale: Kaspar Winkler anapanga Sika-1 ku Switzerland mu 1910, ndipo anagwiritsa ntchito poletsa kudontha m'ngalande ya sitima yodutsa pansi pa phiri la Gotthard. Palinso ena omwe amamera timiyala ting'onoting'ono m'kati mwa konkire madzi akafikamo. Uliwonse uli ndi muyezo wake ndi ntchito yake.

Ufa wa polima weniweni, wosasakaniza ndi kanthu, kwambiri umagulitsidwa kwa eni mafakitale. Ndiye munthu akakubweretserani ufa woyera m'jumbo, wopanda dzina, wopanda tsiku lomwe unapangidwa, wopanda malangizo, n'kumati thirani supuni zitatu pa thumba, musiyeni apite. Gulani chinthu chotsekedwa bwino, cholembedwa dzina la wopanga, muyezo wake ndi tsiku lothera mphamvu. Ufa wa polima ukakhalitsa potentha kapena pachinyontho umaumbana mibulu ndipo susungunukanso. Chinanso, guluu woyera wa akalipentala uja musamamuthire mu pulasitala wa panja kapena wa m'bafa. Nayenso ndi polima, inde, koma mtundu wake umafewanso ukakhalitsa m'madzi. Safunsa anadya phula. Funsani wogulitsa akuonetseni pepala la malangizo, ndipo muwerenge nokha.

Ndati ufawu uli kumapeto kwa mndandanda. Nanga kutsogolo kuli chiyani? Tiyerekeze kuti achimwene anu ali ku Joni atumiza ndalama yomangira nyumba ya mayi, ndipo akuti inu muyang'anire. Muyamba ndi malo. Musamange m'dambo, m'mphepete mwa mtsinje, kapena pakhwawa lakale ngakhale litauma zaka khumi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo Freddy anatsimikiza mawu amenewa. Kenaka kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi ochokera kumtunda azilambalala. Ngalande sifuna simenti. Ifuna khasu ndi thukuta basi.

Chachiwiri ndi fawundeshoni. Kumbani mpaka mupeze nthaka yolimba, ndipo mumange ndi miyala kapena njerwa zakupsa bwino, pogwiritsa ntchito matope a simenti. Ngati ndalama ya simenti ndi yochepa moti khoma lonse mumanga ndi dothi, chonde simenti wochepayo apite pansi pano, osati pa khonde lokongoletsa. Fawundeshoni itukuke pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 15, ndipo pamalo pomwe madzi amadikha, 30 kapena kuposa.

Chachitatu ndi DPC, pepala lakuda la pulasitiki lija timayala pamwamba pa fawundeshoni tisanayambe khoma. Limeneli ndiye lumo lodula chingwe cha koloboyi. Pa zipangizo zonse za nyumba, ili ndi limodzi mwa zotchipa, koma ndi lomwe anthu amakonda kulumpha chifukwa silioneka nyumba ikatha. Liyalidwe m'lifupi monse mwa khoma, polumikiza lisanjikizane masentimita 15, ndipo lisabooke. Pansi pa silabu payalidwenso pepala. Pomata pulasitala panja, dulani kamzere polunjika DPC, kuti pulasitalayo asakhale mlatho wodutsitsa chinyontho kuchoka pansi kupita pamwamba. Khoma likamangidwa lopanda DPC, kudzaiikamo pambuyo ndi ntchito yowawa komanso yodula.

Chachinayi ndi denga ndi khonde. Malata atuluke kunja kwa khoma pafupifupi theka la mita, kuti mvula izigwera patali. Pansi kuzungulira nyumba pakhale kakhonde kotsetserekera kunja. Agogo athu analibe simenti, koma ankadziwa zimenezi: udzu wa denga unkatsika pansi, khonde linali lotukuka kuzungulira nyumba yonse, ndipo amayi ankazira chaka ndi chaka mvula isanayambe.

Chachisanu ndi kasakanizidwe. Wilibala ya amisiri yodzaza mosasefukira imalowa pafupifupi malita 65, ndipo thumba la simenti ndi pafupifupi malita 33. Ndiye matumba awiri ndi wilibala imodzi. Mukamva kuti 1:6, ndiye kuti thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga. Muyezo umenewu ndi womangira njerwa. 1:4 ndi thumba limodzi pa mawilibala awiri; uwu ndi wa m'tsinde mwa khoma ndi malo onyowa. 1:3 ndi thumba limodzi pa wilibala ndi theka. Uwu ndi wa m'thanki. Ndikudziwa kuti kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti wakhala wowawa kugula, ndipo chiyeso chilipo choti thumba limodzi lidye mawilibala asanu kapena asanu ndi imodzi. Koma matope otere mukhoza kuwakanda ndi chikhadabo. Muthiremo ufa wodula bwanji, sangasinthe. Pa thumba yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi nambala ya mphamvu yake, monga 32.5 kapena 42.5. Kaya ndi wa Shayona ku Kasungu, wa Njereza ku Mangochi, wa Portland ku Blantyre kapena wochokera ku Zambia, akhale watsopano, wopanda mibulu, ndipo musamusunge pansi penipeni kapena kupitirira miyezi itatu.

Mchenga nawo uyesedwe. Tengani botolo loonekera m'kati, thirani mchenga mpaka theka, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, n'kulisiya maola atatu. Mchenga ukhala pansi, dothi likhala pamwamba pake. Ngati mchenga ndi masentimita 10 ndipo dothi likuyandikira sentimita imodzi, mchengawo utsukidwe kapena mukatape wina. Dothi limakuta mchenga, simenti n'kulephera kuugwira. Fumbi la kwale la ku Njuli ndi labwino pa mabuloko ndi konkire, koma pa pulasitala likakhala losalala kwambiri limafuna madzi ambiri, ndiye lisakanizeni ndi mchenga wa kumtsinje.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuthirira. Simenti ali ngati nazale ya fodya: masiku oyamba akasowa madzi, watha. Thirirani m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo phimbani ndi masaka onyowa. Mphamvu yake yolembedwa pa thumba ija amaiyeza pa masiku 28. Kuthirira n'kwaulere, koma pulasitala wothiriridwa bwino wopanda ufa amaposa wothira ufa amene anasiyidwa padzuwa la October.

Mukachita zonsezi, tsopano ufa uja walowa pabwalo. Malo ake ndi awa: m'kati mwa thanki ya madzi, m'bafa, pa thanki ya chimbudzi cha madzi, pa denga la konkire, m'tsinde mwa khoma panja pomwe mvula imadumphira, ndi pokonza pulasitala wakale pomwe watsopano amavuta kugwira. Onani masamu ake. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi ndi 8 m'litali, kuizungulira ndi mamita 28. Khoma likakhala lotalika mamita 2.7, panja ponse ndi pafupifupi masikweya mita 75. Koma lamba wa m'munsi, wokwera theka la mita, ndi masikweya mita 14 okha. Pa muyezo wa 1:4 ndi pulasitala wokhuthala mamilimita 15, lamba ameneyu adya matumba awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye mankhwala ogulira matumba awiri, m'malo mwa khumi. Mwateteza pomwe madzi amamenya kwambiri ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama.

Kagwiritsidwe kake m'thanki kali motere. Khoma likhale lolimba ndi loyera: chotsani fumbi, ndere, mafuta ndi penti. Ming'alu ikuluikulu itsekedwe kaye, chifukwa polima amathana ndi timing'alu ta tsitsi, osati mng'alu wolowa chala. M'makona, pomwe khoma likumana ndi pansi, matani mozungulira ngati m'kati mwa mbale, popeza matanki ambiri amadonthera pamenepo ndi pomwe padutsa paipi. Nyowetsani khoma, koma lisamachite kuyenderera. Yezani madzi ndi mankhwala monga momwe alembera, osati mwa diso, ndipo sakanizani zochepa zomwe mumalize zisanayambe kulimba. Zikayamba kulimba musawonjezere madzi kuti zifewenso, tayani. Mitundu yopaka ndi burashi imafuna makoti awiri, loyamba chopingasa, lachiwiri chotsika, kuti pomwe burashi inaphonya koyamba pakwiririke. Pakani mbali yomwe kuli madzi, ndiye kuti m'kati mwa thanki, kuti madziwo azikankhira mankhwala kukhoma m'malo mowasupula. Gwirani ntchitoyi m'mawa kapena madzulo.

Kuthirira kwa matope a polima n'kosiyanako pang'ono. Simenti afuna chinyontho, koma kachikopa kaja kamapangika pamene madzi akuuma. Ndiye masiku oyamba tetezani ku dzuwa ndi mphepo, kenaka mulole kuti ziume bwino musanadzaze thanki. Masiku ake alembedwa pa thumba. Mukadzaza, isiyeni tsiku limodzi kapena awiri kuti khoma limwe, onjezani madzi, lembani mzere pomwe afika, vindikirani, n'kudzaona mawa lake. Ngati thankiyo ndi ya madzi akumwa, gulani mankhwala omwe alembedwa kuti ndi oyenera madzi akumwa. Ndipo thanki ya chimbudzi isamadonthere pafupi ndi chitsime. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tisamuiwale msanga. Pogwira ntchito valani magolovesi ndi majombo, ndipo tsekani mphuno posakaniza. Simenti wonyowa amawotcha khungu mwakachetechete, umadzazindikira madzulo zala zitasupuka.

Tsopano malo omwe ufawu ungakupwetekeni. Ambiri kwathu kuno nyumba ndi za zidina, kapena njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, zopanda DPC. Munthu amaona khoma likunyowa, n'kuganiza kuti alimate pulasitala woletsa madzi kunja ndi m'kati, vuto lithe. Koma madzi aja akuchokera pansi, ndipo akupitirizabe kukwera. Kale ankauma ndi mphepo; tsopano mwawatsekera. Ndiye amakwera pamwamba kuposa kale, zidina zimafewa kuseri kwa pulasitala, ndipo inu simukuona kanthu chifukwa kunja kukuwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukagogoda pulasitala wotere amalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti walekana ndi khoma. Khoma la dothi limafuna kupuma. Lipatseni denga lotuluka, khonde lotukuka, ngalande, ndi pulasitala wa dothi kapena wa laimu amene amalola chinyontho kutuluka. Ndalama yomwe mukanagulira ufa, gulirani malata owonjezera denga.

Sindikufuna mungokhulupirira chifukwa ndanena ine. Monga kalabu, yesani nokha. Sonkhani kandalama mugule thumba limodzi ndi kachigubu kakang'ono ka mankhwala. Umbani timabuloko tinayi tofanana m'zikombole za mabotolo odula. Koyamba 1:8 kamadzi ambiri, n'kukasiya padzuwa. Kachiwiri 1:4, kothiriridwa masiku 7. Kachitatu 1:8 kothira mankhwala. Kachinayi 1:4 kothira mankhwala, kosamalidwa monga alembera. Pakatha masiku 28, tiumitseni bwino tonse, tiimikeni m'beseni momwe muli madzi okwera sentimita imodzi, ndipo muziyeza ndi rula pomwe chinyontho chafika pakatha ola limodzi, maola atatu, ndi tsiku lathunthu. Jambulani zithunzi muike pa tsamba lanu la Facebook. Makolo akaona ndi maso awo, sadzakangana nanunso za mawilibala.

Ndimalize ndi nkhani ya m'thumba, poti ndikudziwa ambiri muno mukusaka chochita. Mu 2018, malamulo a National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Ndiye mabuloko a simenti ndi njerwa zopanikiza za dothi losakaniza ndi simenti zikuchulukirachulukira, ndipo ntchito ya munthu wodziwa simenti ikukula. Amisiri oimika khoma alipo ambiri. Koma munthu woti akamata thanki isadonthe, akaika matailosi m'bafa madzi asatulukire kuchipinda, ameneyo amachita kumusaka pafoni. Sukulu zilipo pafupi: DAPP Mikolongwe konkuno ku Chiradzulu, Nasawa, Soche Technical ku Limbe, ndi maphunziro ena odzera ku TEVETA. Achemwali, musati iyi ndi ntchito ya amuna. Imafuna munthu wodekha, woyeza bwino, wowerenga malangizo. Mphamvu za m'mapewa si zomwe zimatseka thanki.

Koma mukadzayamba kulandira maganyu, dzina lanu lidzakhale loyera. Bwana akagula matumba khumi, onse khumi alowe m'khoma. Akakuuzani kuti mulumphe DPC kuti musunge ndalama, mufotokozereni za koloboyi. Akafuna ufa woletsa madzi pa khoma la zidina lopanda fawundeshoni, muuzeni zoona ngakhale zikutayitseni ganyu ya tsiku limenelo. M'nyumba imeneyo mudzagona ana, ndipo mvula ya February ikadzabwera, mudzi wonse udzadziwa anamanga ndani.

Pempho langa ndi limodzi. Mvula isanayambe mu November, aliyense azungulire nyumba ya kwawo, ndi ya agogo amene alibe owathandiza. Onani komwe madzi amachokera, pomwe amadikha, pomwe malata akudontha, pomwe tsinde la khoma ladyeka. Gawanani m'magulu a anthu anayi kapena asanu, mutenge makasu, mukumbe ngalande, mukweze makonde. Mukafika pa thanki kapena bafa lofuna mankhwala, ndiitaneni tidzayezere limodzi.

A tcheyamani, ndalankhula nthawi yaitali. Amene ali ndi mafunso afunse.